Pakhomo pobiriwira madzi ali ochepa: mafunso ndi mayankho

Chaka ndi chaka, Okutobala akafika fumbi lili koboo, anthu odutsa panjira kwathu ku Area 25 mu Lilongwe amaima pampanda n'kufunsa kuti, "Kodi amayi, madzi mukuwatenga kuti?" Amaganiza kuti ndinakumbitsa mjigo. Mjigo ndilibe. Ndili ndi mpopi umodzi ngati wa wina aliyense, migolo iwiri pansi pa malata, ndiponso chizolowezi chosawotcha tsamba ngakhale limodzi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu akhala akundifunsa pampanda pomwepo, ndipo ndayankha malinga ndi zimene ndaziona ndi maso anga.

Ndikufuna kuyamba. Ndigule maluwa ndi mitengo iti?

Musagule kanthu kaye. Dikirani tsiku la mvula yamphamvu, mutenge ambulera, muime pabwalo panu muone kumene madzi akulowera. Mudzaona akutsika pamalata, n'kukumba kangalande m'mbali mwa khonde, n'kudutsa pabwalo losesedwa bwino lija osalowa pansi n'komwe, kenako n'kutulukira pageti atafiira ndi dothi lanu lomwe.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imasiya lita imodzi ya madzi. Kuno ku Lilongwe mvula ya chaka chonse imakhala cha m'mamilimita 800 kapena kuposerapo pang'ono. Denga la mamita 10 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi limalandira malita 48,000 pachaka, zomwe ndi zidebe 2,400 za malita 20. Madzi onsewa timawapirikitsira kumsewu mu Januwale, ndipo mu Okutobala timalipira bilu kuti tithirire maluwa.

Choncho chida choyamba ndi khasu. Kumbani ngalande zopingasa malo otsetsereka, zimene alangizi amazitcha maswale, zakuya masentimita 30 kapena 40, zotseka mbali zonse kuti madzi aime n'kulowa pansi pang'onopang'ono. Dothi lotulukamo muliunjike kumunsi kwa ngalandeyo n'kudzalapo udzu wa vetiva, umene mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kugwira nthaka. Zikhale mamita osachepera atatu kuchokera pamaziko a nyumba, ndiponso kutali ndi chimbudzi. Amene munalimapo m'mayenje kapena kupanga mizere ya ngonyeka kumunda, nzeru yake ndi yomweyo, mwangoibweretsa pakhomo.

Mukuti tisamasese pabwalo? Anthu satiyesa auve? Nanga njoka?

Funso ili ndimalimvetsa chifukwa nanenso ndinakula ndikudzutsidwa m'mamawa ndi tsache m'manja. Bwalo losesedwa, looneka mizere ya tsache, ndi ulemu wa pakhomo, ndipo agogo athu anali ndi chifukwa chomveka: njoka ikadutsa usiku, m'mawa mkwasa wake unkaoneka. Sindikunena kuti musiye kusesa. Sesani pakhonde, panjira, pophikira ndi posewerera ana. Koma zinyalala za masambazo musazikoleze moto. Zitengeni mukaphimbire nthaka pansi pa mitengo ndi m'mabedi.

Tsiku lina masana mu Okutobala, pondani pabwalo loyera opanda nsapato. Simukhalitsa. Kenako pisani dzanja pansi pa masamba ophimbira, mudzapeza dothi lozizira, lonunkhira chinyontho, nthawi zina muli nyongolotsi. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti bedi lina lifune madzi tsiku lililonse pamene lina likupirira masiku atatu kapena anayi. Phimbirani mochindikala ngati zala zinayi, pogwiritsa ntchito masamba, udzu wouma, mapesi odulidwadulidwa, makoko a mtedza kapena mankhusu a mpunga.

Za njoka, chimene chimaikoka kwambiri ndi makoswe, milu ya njerwa zakale ndi tchire lalitali pafupi ndi nyumba. Zophimbira zoyalidwa bwino, zotalikirana ndi khoma mita imodzi, sizinandibweretserepo vuto.

Nanga chiswe sichidzatha zonse?

Chiswe chidzabwera, ndipo zophimbira chidzadya ndithu. Muziwonjezera. Chimene ndaona n'chakuti chiswe chikapeza zouma zoti chidye, kawirikawiri chimasiya mbewu zamoyo, pamene pamalo oyera mbee kamtengo kofooka ndi ludzu ndi komwe kamasanduka chakudya chake. Timauna take timathandizanso madzi kulowa pansi. Chachikulu n'chakuti zophimbira zisakhudze tsinde la mtengo, musiye mpata ngati chikhatho chimodzi kuzungulira, ndipo zisafike pakhoma kapena pamafelemu a zitseko.

Ndi mitengo iti imene imapirira chilala?

Yang'anani imene ikubiriwira yokha m'dera lanu mu Okutobala popanda woithirira. Imeneyo yayankha kale funsoli.

Pa poloti yaing'ono ya m'tauni, woyamba kwa ine ndi chammwamba. Umamera pambewu ngakhale pa nthambi yongozika, umakula msanga, masamba ake ndi ndiwo, ndipo ukamadulidwa nsonga umachita nthambi zambiri zofikirika ndi dzanja. Umadana ndi malo odikha madzi basi. Wachiwiri ndi gwafa, amene amapirira nkhanza zamtundu uliwonse. Mango ukakhazikika mizu sufunanso chidebe, ndipo wolumikiza sutenga malo ambiri. Nimu amapereka mthunzi chaka chonse m'madera otentha monga Salima, Mangochi ndi Chikwawa. Masau ndi bwemba amachita bwino kumadera otentha omwewo, ngakhale bwemba amafuna munthu wodekha chifukwa amachedwa kubereka, ndipo masau ali ndi minga, choncho musawaike posewerera ana.

Msangu ndi mtengo wodabwitsa. Umayoyola masamba m'dzinja pamene mitengo ina ikuphuka, n'kubiriwira m'chilimwe, n'chifukwa chake chimanga chimachita bwino pansi pake ndipo alimi a m'mbali mwa nyanja sawudula. Koma umakula kwambiri, malo ake ndi kumunda. Chimodzimodzi mlambe, mbawa ndi mfula: ngati muli ndi malo aakulu, kusukulu kapena kutchalitchi, dzalani, adzukulu adzakuthokozani. Pa poloti ya mamita 15 m'lifupi mizu yake idzakumana ndi maziko a nyumba.

Bulugamu pakhomo ayi. Amamwa madzi ambiri ndipo pansi pake sipamera zinthu bwino. Mapeyala nawo ndi okoma, koma amakonda malo ozizirirapo a mvula yambiri ngati ku Thyolo ndi Mulanje. Kumalo ouma mudzatopa nawo.

Ndiwo zamasamba nazo zilipo zosafuna madzi ambiri?

Apa ndiye pamandipweteka mtima. Tinazolowera kuti dimba ndi repu, chaina, kabichi ndi letesi, mbewu zofuna kheni m'mawa ndi madzulo komanso mankhwala a nsabwe, pamene ndiwo zathu zopirira timazizula ngati udzu. Bonongwe amakonda kutentha, ndipo mukamathyola nsonga zokha amaphukiranso kwa milungu yambiri. Luni, chisoso ndi denje zimamera zokha mukangosiya zina kuti zikhwime n'kugwetsa njere. Khobwe amakupatsani chitambe akadali wamng'ono, pambuyo pake nyemba. Mbatata imayala pansi n'kuphimba nthaka yokha, inu n'kumathyola kholowa. Chinangwa cha kumpanda chimapereka chigwada pafupifupi chaka chonse. Therere lobala ndi chidede nazonso sizivuta.

Nandolo ndimamuika padera. Mizu yake imapita pansi kwambiri, amabereka m'chilimwe pamene zina zonse zauma, masamba ake oyoyoka amanenepetsa nthaka, ndipo mitengo yake ndi nkhuni. Anthu a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu safunika kuuzidwa zimenezi. Mzere umodzi wa nandolo kumbali ya kumadzulo kwa mabedi umatchinga dzuwa la masana, ndipo masamba a m'bedimo safota msanga.

M'nyengo ya 2023 mpaka 2024, ng'amba ya El Niño itawotcha chimanga, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Kamunda kanga ka chimanga kuseri kwa nyumba kanapserera ngati ka anzanga onse. Zimene zinatsala chilili ndi nandolo, chinangwa ndi mbatata, ndipo ndiwo sitinagule. Kuyambira pamenepo ndinawonjezera mapira pang'ono ndi nzama.

Musaiwale mfutso. Nkhwani ndi chitambe zimachuluka mu Febuluwale mpaka kusowa wodya. Kuzifutsa nthawi imeneyo ndi njira yodyera masamba mu Okutobala osathira dontho la madzi.

Ngati repu ndi mpiru simungazisiye, limani kuyambira Epulo mpaka Julayi kukuzizira, pamene madzi sauma msanga. M'chilimwe mabedi akhale olowa pansi kuti madzi asathawe, m'dzinja akhale okwera kuti mizu isawole.

Ine ndikufuna pakhomo pokongola, osati munda. Maluwa ake ndi ati?

Bougainvillea ndiye mfumu ya chilimwe. Mukamuthirira kwambiri amangochita masamba, mukamumana madzi ndi pamene amatulutsa maluwa ofiira ndi apinki mpaka mpanda osaoneka. Frangipani amamera pa nthambi yodulidwa, bola muisiye masiku angapo pamthunzi kuti pachilondapo paume musanazike. Alovera ndi abale ake a masamba onenepa amasunga madzi m'thupi mwawo, ndipo mitundu yambiri imachita maluwa ofiirira m'nyengo yozizira, timbalame tomwa timadzi ta m'maluwa n'kumabwera m'mawa uliwonse. Pemphani mphukira kwa anzanu kapena gulani kunazale. Musakazule kuphiri kapena m'nkhalango zotetezedwa. Khonje ndi wokongola pakona, koma nsonga zake ndi zakuthwa ndipo zimalinga m'maso mwa mwana, ndiye muzizidula.

Zomera zonsezi zimafa ndi madzi ochuluka kuposa ndi ludzu. Ngati dothi lanu ndi la makande, lomata ndi losunga madzi, zidzaleni pakachulu kosakaniza ndi mchenga. Pa katondo wofiira wa kuno ku Lilongwe zimachita bwino popanda zambiri.

Ziwiri ndikuchenjezeni. Nkhadze ndi mpanda wolimba umene mbuzi siziudya, koma utomoni wake woyera ukalowa m'diso umawotcha koopsa. Podula valani magalasi ndipo ana akhale kutali. Lantana, kamaluwa kachikasu ndi pinki konunkha kaja, musadzale ngakhale wina akupatseni ulere. Mbalame zimamwaza njere zake, kamalanda tchire lonse, ndipo ng'ombe zikadya masamba ake zimadwala.

Kapinga ndimuchotse?

Mumuchepetse. Kapinga wobiriwira mu Okutobala ndi chinthu chomwa madzi kwambiri pakhomo ponse, ndipo madzi ake ndi otsukidwa ndi mankhwala kuti anthu amwe. Madzi a ku Lilongwe amachokera m'madamu a Kamuzu ku Malingunde, pamtsinje wa Lilongwe umene umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama. Madzi ambiri a ku Blantyre amachita kupopedwa ndi magetsi kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, kukwera mtunda wautali mpaka kufika mumzinda. Ndikaona paipi itasiyidwa pa udzu masana onse, ndimakumbukira amayi amene ali pamzere ndi zigubu pakiyosiki kutsidya kwa msewu womwewo.

Siyani kachigawo kamene ana amasewerapo kapena pamene mumayala mphasa. Kapinga wathu wamba uja safa m'chilimwe, amangogona. Amauma n'kuoneka ngati watha, koma mvula yoyamba ikangogwa, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri wabiriwira. Musamumete kwambiri chilimwe chikamayandikira. Malo otsalawo ikani mabedi a zomera zopirira ndi tinjira ta kwale kapena ta njerwa zongoyala popanda simenti. Kuwaka bwalo lonse ndi simenti kumachotsa fumbi, inde, koma nyumba imatentha ngati uvuni ndipo madzi onse a mvula amathamangira kwa aneba akumunsi.

Ngati chomera n'chopirira chilala, ndiye kuti sichifuna kuthirira?

Apa ndi pamene mitengo yambiri imafera. Kupirira kumabwera mizu ikazama, ndipo mizu imatenga chaka kapena ziwiri kuti izame. Kambande kochokera m'chubu n'kakhanda. Dzalani mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale, nthawi imene dziko lonse limakhala pa nyengo yodzala mitengo, kuti kalandire mvula ya miyezi itatu kapena inayi. Dzenje likhale la masentimita 60 mbali zonse, dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owola bwino libwerere pansi. Pamwamba pangani kabeseni kosunga madzi n'kuphimbira. Chilimwe choyamba kapatseni chidebe chimodzi pa sabata, ziwiri kukatentha kwambiri. Chilimwe chachiwiri chepetsani. Chachitatu mitengo yambiri imadziyimira payokha.

Kuthirira kwabwino n'kotani?

Thirirani kwambiri koma mwa apo ndi apo. Kuwaza timadzi pamwamba tsiku lililonse kumaphunzitsa mizu kukhala pamwamba, ndipo tsiku limene mpopi wauma mbewu imagwa nthawi yomweyo. Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo litapendeka. Madzi apite patsinde, osati pamasamba. Musanathire, zikani chala m'dothi mpaka chilowe chonse. Ngati kunsonga kukumveka chinyontho, bwererani ndi kheni yanu. Masamba a maungu amafota masana ngakhale pansi pali madzi, ndiye muziweruza m'mawa.

Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi ya mtsuko. Tengani mtsuko wadothi wosapaka chilichonse, muukwirire pakati pa bedi mpaka m'khosi, mudzazemo madzi n'kuvundikira ndi mbale yakale. Madzi amatuluka pang'onopang'ono m'timabowo ta dothi losaoneka ndi maso, monga momwe mtsuko wa madzi akumwa umachitira thukuta. Dzalani tomato kapena tsabola mouzungulira. Nditafukula wanga woyamba kumapeto kwa chilimwe, ndinapeza mizu yoyera itaukuta wonse ngati ukonde. Ndimadzaza kawiri pa sabata. Mulibe mtsuko? Botolo lapulasitiki la malita awiri kapena asanu, loboola timabowo tingapo ndi singano yamoto kumunsi, limagwira ntchito yofananako.

Ikaninso zomera m'magulu malinga ndi ludzu lake. Zokonda madzi zikhale pamodzi pafupi ndi mpopi kapena bafa, zopirira zikhale kutali. Mukasakaniza, mudzathirira zonse chifukwa cha chimodzi.

Madzi osambira ndi ochapira ndingathirire mbewu?

Inde, koma mosamala. Banja la anthu asanu limataya zidebe zingapo patsiku kubafa kokha. M'malo moti apange chithaphwi chonunkha kuseri, kumbani dzenje lotambalala mita imodzi, lakuya masentimita 60, mudzazemo masamba ouma, mapesi ndi tizidutswa ta nkhuni mpaka pamwamba, ndipo kangalande ka kubafa kazithera mmenemo. M'mphepete mwake dzalani nthochi, papaya ndi mbatata. Nthochi ndi yaludzu kwambiri, koma pamalo amenewa imabereka popanda kuitungira. Madzi asaoneke pamwamba. Akayamba kuoneka, wonjezerani zouma.

Madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi mbatata ndi abwino pa chilichonse. Osambira ndi ochapira apite kumitengo ndi maluwa, asakhudze masamba odya osaphika monga letesi, ndipo musawasunge kupitirira tsiku limodzi. Ochapira matewera, ochapira zovala za wodwala m'mimba, ndi amene muli Jik kapena mafuta ambiri, apite kuchimbudzi. Tonse tikukumbukira mmene kolera inatisautsira mu 2022 ndi 2023. Dzenjeli likhalenso kutali ndi chitsime cha madzi akumwa.

Thanki ndi yofunika? Nanga udzudzu?

Ngati ndalama ilipo, gulani, koma dziwani malire ake. Mvula imodzi ya mamilimita 20 padenga lija la mamita 10 ndi 6 imapereka malita 1,200, ndiye mgolo wa malita 200 umadzaza m'kanthawi kochepa. Sungakufikitseni Okutobala. Ntchito yake yeniyeni ndi kupulumutsa mbande pa ng'amba ya pakati pa dzinja. Konzani njira yoti madzi osefukira azipita m'maswale. Madzi a mvula yoyamba, otsuka fumbi ndi zitosi za padenga, alekeni apite pansi.

Mgolo ukhale wovundikira nthawi zonse, polowera madzi mumangepo kansalu kapena sefa. Udzudzu umatha kuswana m'madzi oima pa sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mgolo wosavundikira ndi ngozi kwa mwana woyamba kuyenda. Madzi a m'swale ayenera kulowa pansi pasanathe masiku awiri. Akamakhalitsa, ngalandeyo ikhale yosazama koma yotambalala, ndipo muthiremo zinyalala zowola.

Ndimakhala nyumba ya lendi, eni ake salola kukumba. Ndingatani?

Matumba a ufa kapena a feteleza otsukidwa bwino, mabeseni obooka ndi zigubu zodula pakati ndi dimba loti mudzasamuka nalo. Sakanizani dothi ndi manyowa owola, pakati pa thumba muimike mzere wa timiyala kuti madzi azitsika mpaka pansi, ndipo m'mbali mucheke timabowo todzalamo bonongwe kapena anyezi wamasamba. Dziwani kuti za m'matumba zimauma msanga kuposa za pansi. Ziikeni moyandikana, pamalo olandira dzuwa la m'mawa ndi mthunzi masana, ndipo pamwamba muphimbire. Matumba anayi amakwanira ndi madzi otsukira ndiwo ndi mpunga a tsiku limenelo.

Malangizowa ndi a dziko lonse?

Ayi, muwasinthe malinga ndi kwanu. Ku Nsanje ndi Chikwawa mvula ndi yochepa ndipo kutentha n'koopsa, choncho mthunzi ndi mabedi olowa pansi ndiye poyambira, ndipo madzi a m'mijigo ina kumeneko ndi amchere, amene amaunjikana m'dothi mukamathirira pang'onopang'ono. Ku Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay mvula ndi yambiri, ndipo kumapiri a kummwera chiperoni chimanyowetsa nthaka mu Juni ndi Julayi. Kumeneko alovera angawole, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri musakumbe maswale akuya chifukwa nthaka yokhuta madzi imatha kugumuka, monga tinaonera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mizere ya vetiva ndi mitengo ndiyo yoyenera malo otero. Mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango wa m'dera lanu angakuthandizeni kuyeza akalozera, mizere yopingasa malo otsetsereka imene mudzatsatire podzala.

Mbuzi za m'mudzi zimandithera mitengo chilimwe chilichonse. Pali chochita?

Anthu akangokolola, mbuzi zimamasulidwa, ndipo kamtengo kanu kobiriwira kamakhala kokhako m'dera lonse. Chammwamba ndi mango waung'ono zimadyedwa tsiku limodzi. Tchingirani mtengo uliwonse tsiku lomwe mwaudzala, musadikire Meyi. Zikani mitengo inayi n'kulukira nsungwi kapena bango, kapena sanjani njerwa mosiya mipata yolowera mphepo, kutalika kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Nthambi za minga za mthethe kapena masau zoyalidwa mozungulira zimathandizanso. Mbuzi imaima ndi miyendo iwiri, choncho mtengo ukamakula muzikweza tchingolo, ndipo mudzalichotse pokhapokha nsonga itapitirira mutu wanu ndi khungwa litakhwima.